Fallout 4: ndiyambe Far Harbor kapena ndidikire Nuka-World, ndipo ndiziyenda ndi ndani?

Chisomo: Abale muli bwa? Ndayamba mochedwa Fallout 4, ndikudziwa kuti inatuluka kalekale 2015 koma ine ndaipeza pano, ija yokhala ndi ma DLC (zigawo zowonjezera za gemu) onse pamodzi, ndikusewera pa PS4. Ndili levo 22, Nick Valentine ndamutulutsa kale ku Vault 114 kuja anamutsekera a Skinny Malone, Kellogg ndathana naye. Ndiye pa Pip-Boy, kakompyuta ka pamkono kaja, pabwera uthenga wa Ellie wa ku ofesi ya Nick kuti kuli banja mwana wawo wasowa (ndiyo Far Harbor imeneyo), komanso kuli wina wa anthu omwe aukiridwa ndi maloboti. Nuka-World sikuoneka paliponse. Ndiyambe iti? Komanso mpaka pano ndikungoyenda ndi galu uja ndinamupeza pa Red Rocket, ndimutaye nditenge munthu kapena? Chonde musandiululire nkhani yonse

Kondwa: Nuka-World siingakuonekere aise, wailesi yake imayamba kumveka ukafika levo 30. Ya maloboti ija ndi Automatron, imatseguka pa levo 15. Panga imeneyo kaye, ndi yaifupi, ukamaliza umakhala ndi benchi yopangira maloboti ako

Tadala: Ayi achimwene, Far Harbor. Ndipo mutenge Nick. Sindikupemphani, ndikukuuzani. Ukapita ku chilumba chija opanda Nick wataya theka la nkhani

Chisomo: Chifukwa chani achemwali? Galu ndamuzolowera kwambiri

Tadala: Sindingafotokoze zonse poti mwati tisaulule. Koma mwaona mmene Nick alili eti, ndi synth, munthu wochita kupangidwa, wa mtundu wakale, khungu linasupuka, dzanja limodzi ndi zitsulo zokhazokha, ndipo m'mutu mwake muli zikumbukiro za wapolisi wina yemwe anakhalako mabomba asanagwe 2077. Iye mwini samadziwa kuti anachoka bwanji ku Institute, komwe amapanga ma synth, mpaka kupezeka pa mulu wa zinyalala. Yankho lake lili ku Far Harbor, pa phiri pamene pali malo otchedwa Acadia. Mukafika pamenepo muli naye zimene alankhulane ndi mwini malowo simudzazimva kwina kulikonse mu gemu yonse. Ukapita ndi galu amangokulandira bwinobwino ngati mlendo wamba basi

Madala Nkhoma: Mwanayu wanena zoona. Ine ndinayambira Fallout 3 kenako New Vegas, ndipo ndinene poyera kuti Fallout 4 itangotuluka sindinasangalale nayo, kuyankha kwake kwa mabatani anayi kuja kunandikwiyitsa, umasankha mawu awiri munthu wako n'kulankhula zina zomwe sumafuna. Chomwe chinandibweza ndi Far Harbor, inatuluka May 2016. Kumeneko ndi kumene a Bethesda anakumbukira kuti iyi ndi gemu yosankha zochita. Kuli magulu atatu, asodzi a pa doko omwe chifunga chawapanikiza mpaka atsala pa mlatho wa maboti pokha, kuli a Children of Atom omwe amapembedza poizoni wa nyukiliya ndipo amakhala m'malo akale osungira sitima ya pansi pa madzi, Nucleus, kenako ma synth othawa a ku Acadia. Palibe gulu lomwe ungaliloze chala n'kunena kuti awa ndiye oipa enieni, aliyense ali ndi chomwe akuopa ndipo mantha akewo ndi omveka. Mukayambe ndi kwa a Nakano, banja la mwana wosowa uja, nyumba yawo ili kumpoto chakum'mawa kwenikweni kwa mapu, kupitirira Salem, m'mbali mwa nyanja. Bambo ake a Kasumi, mwana wosowayo, akubwerekani boti

Kondwa: Madala sindikukana kuti Far Harbor ndi yabwino koma levo 22 ndi yochepa kuja. Ma fog crawler aja akupha ndi kumenya kuwiri. Ma angler amabisala m'madzi n'kumaonetsa kanyali kamene kamafanana ndi duwa lomwe umatola, ukangoyandikira akulavulira moto. Munthuyu akangovutika n'kuisiya gemu

Yamie: levo si nkhani, nkhani ndi RadAway ndi Rad-X, mankhwala olimbana ndi poizoni wa nyukiliya. Chifunga cha kumeneko chili ndi ma rad, poizoni yemweyo, ukamayenda mkati mwa chilumba kamzere kofiira kamangokula. Tenga zambiri, mfuti imodzi yamphamvu yapafupi, basi. Ine ndinalowa ndi levo yochepa kuposa iyeyu ndipo ndinapulumuka poyenda m'mbali mwa nyanja

Tadala: Ndipo chifungacho ndi chomwe chimakometsa malowo. Chili ngati chiperoni cha mwezi wa June ukakhala ku Thyolo, mtengo uli apa koma ukuona mthunzi wake wokha. Umangomva china chake chikupuma m'madambo koma suchiona. Ukaona kuwala kwa buluu kwa makina aja oyamwa chifunga mtima umakhala pansi kuti apa pali anthu. Chilumbacho ndi chenicheni, Mount Desert Island ku Maine, tauni yake ndi Bar Harbor, ndipo kulidi paki yotchedwa Acadia

Mbewe wa ku Joni: Ine ndikufuna ndiyankhe za galu poti onse mwathamangira DLC. Chisomo usamutaye galu wako Dogmeat mwachisawawa. Pali peki (luso lapadera) ya Lone Wanderer pa Charisma 3, gawo loyamba lokha umavulala mochepa ndi 15 peresenti komanso umanyamula katundu woonjezera 50. Imati uziyenda wekha koma galu samuwerenga ngati mnzako, ndiye umakhala ndi zonse ziwiri. Chachiwiri galu sakuweruza. Uthyole loko, ube, umwe mankhwala ozunguza bongo a Jet, uphe munthu, iye amangogwedeza mchira. Anthu enawa aliyense ali ndi zake, Strong amadana ndi kuthyola maloko komanso ukalowa mu power armor amanyansidwa, Piper ukaba amakwiya, Cait ukamathandiza anthu mwaulere amaona ngati ndiwe ofooka. Umapezeka ukusewera mosangalatsa mnzako osati mmene iwe ukufunira

Tadala: Koma ndiye kukoma kwake kumeneko a Mbewe. Munthu amene alibe maganizo ake ndi chikwama chongonyamulira katundu. Cait amene mukumunenayo, khalani naye nthawi mumve mbiri yake. Umamupeza ku Combat Zone akumenya nkhonya mu khola kusangalatsa ma raider (achifwamba), iye wolusa, wotukwana, koma akayamba kukukhulupirira amakuuza kuti makolo ake omwe anamugulitsa ukapolo atangokwanitsa zaka 18, ndipo Psycho amene amadzibaya mobisa uja akumupha. Kenako mumapita limodzi ku Vault 95 kumene kuli makina ochotsa chizolowezi cha mankhwala, mukudutsa asilikali aganyu otchedwa ma Gunner odzaza. Akachira amasintha, ukamwa mankhwala pamaso pake sakondwanso. Galu angakupatseni zimenezo?

Mbewe wa ku Joni: Sangandipatse, ndavomera. Koma satsekanso pakhomo ngati Danse ndi chi power armor chake

Yamie: amatseka galuyo, ndipo amaponda ma mine

Madala Nkhoma: Njira yabwino ndi kusinthasintha malinga ndi komwe ukupita. Aliyense ukafika naye pa chikondi chapamwamba amakupatsa peki yosachoka ngakhale mutasiyana. Piper ndi wabwino koyambirira kwenikweni chifukwa peki yake imachulukitsa kawiri XP yomwe umapeza ukatulukira malo atsopano kapena ukapambana pokakamiza munthu ndi mawu, ndiye ukamutenga mochedwa mapu utawamaliza palibe phindu. MacCready umamulemba ganyu ndi ma cap (ndalama za mu gemu) 250 ku Third Rail mu Goodneighbor, ukhoza kumunenerera atsitse, peki yake ndi yolasa pamutu mu VATS, njira ija yolozera mfuti nthawi itachedwetsedwa. Amene munasewera Fallout 3 mukumukumbuka, ndi kamwana kamwano kaja kanali meya wa Little Lamplight, pano wakula ali ndi mwana wake Duncan yemwe akudwala, mankhwala ake ali ku Med-Tek. Ine nditazindikira kuti ndi yemweyo ndinakhala kaye chete, zaka khumi zadutsa mu nkhani, 2277 mpaka 2287, mwana uja akuyesetsa kusiya kutukwana chifukwa analonjeza mwana wake

Chisomo: Eee ndiye pali zambiri. Ine Piper ndinangocheza naye pa geti ya Diamond City n'kumusiya. Nanga Preston wa gulu la Minutemen? Amene uja wanditopetsa, ndikangofika pa Sanctuary akuti mudzi wina ukufuna thandizo

Kondwa: Ndi chifukwa chake Nuka-World ndimaikonda. Kumeneko ndiwe bwana wa ma raider, midzi yomweyo umabwera kudzailanda. Umakwera kasitima, umadutsa mu Gauntlet modzaza misampha, kumapeto umamenyana ndi Colter yemwe zida zake zimakoka magetsi a bwalo la timagalimoto togundana, chipolopolo sichilowa. Porter Gage amakuuza pa intakomu kuti utenge kamfuti ka madzi ka ana, Thirst Zapper, umuthire madzi magetsi ashote kenako umuombere. Ukapambana ndiwe Overboss, uli ndi magulu atatu, Operators okonda ndalama, Pack ovala ngati nyama, Disciples okonda mipeni, ndipo umawagawira mapaki asanu

Tadala: Malowo ndi okongola sindikana. Koma nkhani yake ine inandiwawa. Wakhala nthawi yonse ukumangira anthu mipope ya madzi, kubzala chimanga ndi tato, kuika mabedi, kuika ma turret, anthu omwewo ubwere uwaopseze kuti azipereka chakudya kwa achifwamba? Ndipo amalonda a mu msika wa Nuka-Town avala makolala m'khosi, ndi akapolo. Ukafuna kukhala munthu wabwino njira ndi imodzi yokha, Open Season, kupha atsogoleri a magulu onse, ndiye mishoni zambiri za DLC zimathera pompo ndipo Gage amasanduka mdani. Far Harbor imakupatsa njira zambiri, iyi imakupatsa ziwiri

Kondwa: Mapaki umatha kuwayeretsa onse kaye usanasankhe achemwali. Galactic Zone, Kiddie Kingdom, Dry Rock Gulch, Safari Adventure, ndi fakitale ya zakumwa ija ya mtsinje wa Quantum. Vuto limayamba ukayamba kulanda midzi ya ku Commonwealth, pamenepo ndi pamene Preston amakukana, sayendanso nawe. Ndiye Chisomo ukafuna kusunga Minutemen malizitsa mapaki, ukamva Gage akukutumiza kwa Shank ima pompo uganize

Yamie: Kiddie Kingdom musaiphonye. Oswald uja, ghoul (munthu wosandulika ndi ma rad) wowala wochita matsenga, poyamba amangokuseka pa zimkuzamawu uku akukupopera madzi a ma rad, umamuda kwambiri. Koma ukawerenga ma terminal umapeza kuti ma feral (ma ghoul olusa) onse aja anali anzake ogwira nawo ntchito pa pakiyo, wakhala akuwasamala zaka 200 akudikira chibwenzi chake Rachel yemwe anapita kukasaka mankhwala. Ukapeza holotepi ya Rachel umatha kumaliza osamupha. Ndiye musanene kuti Nuka-World ilibe mtima

Tadala: Pa Oswald pokha ndagonja

Madala Nkhoma: Tsono Yamie wakhudza chinthu chomwe ndimafuna kumuuza mnyamatayu kuposa za DLC. Gemu iyi zabwino zake zambiri palibe amene amakutuma. Ukamangotsegula mapu n'kudina fast travel udzamaliza nkhani yaikulu yosaka mwana wako Shaun n'kunena kuti gemu ndi yoperewera. Yenda wapansi. Sankha mbali, tsata njanji kapena gombe. Ine ndikuyenda chakumwera kufupi ndi Quincy ndinamva mawu a mwana akuitana kuchokera mu firiji yotayidwa pakati pa zigumukire. Ndinaombera chitseko, kutuluka Billy, kamnyamata kamene kanabisala mmenemo tsiku la mabomba n'kusanduka ghoul, zaka zoposa 200 kali mumdima. Kamakupempha ukaperekeze kwawo. Panjira pamabwera Gunner wina dzina lake Bullet kufuna kukagula. Ndinakana, tinafika pa nyumba, makolo ake ali moyo naonso ndi ma ghoul, mayi ake atangomuona mmene anafuulira dzina lake. Palibe chizindikiro pa mapu chokutengera pamenepo, ukadumpha ndi fast travel sudzamumva

Mbewe wa ku Joni: Onjezani Dunwich Borers madala. Chi mgodi cha miyala chakum'mawa, pamwamba pali ma raider wamba, koma ukamatsika pansi magetsi akuthima, nthaka ikugwedezeka, mwadzidzidzi umaona anthu a kale asanafe atagwada ngati akupemphera kenako n'kubwerera mumdima ma feral ali pa iwe. Pansi penipeni pali chitsime, ukadumphira n'kusambira mpaka pansi umapeza chimpeni chotchedwa Kremvh's Tooth. Usewere usiku ndi mahedifoni

Yamie: ndi USS Constitution! sitima yapamadzi itakhala pamwamba pa banki, oyendetsa ake maloboti, kaputeni Ironsides akufuna umuthandize kukonza ma roketi kuti ibwerere kunyanja. Sitimayo iliko zenizeni ku Boston, ya 1797. Ngakhale mzere wofiira uja umatsata pofuna gulu lobisika la Railroad ndi Freedom Trail yeniyeni, umayambira pa Boston Common, mu gemu umakufikitsa ku Old North Church. Diamond City ndi bwalo la baseball la Fenway Park

Kondwa: Pa Boston Common pomwepo usayandikire dziwe lili ndi chinthu choyera choyandama. Ndangonena

Chisomo: Mochedwa aise, Swan ndinakumana naye kale, anandiponyera chimwala ndisanathawe n'komwe. Koma funso, mukuti ndisamagwiritse fast travel, ndiye ndingoyatsa Survival? Ndamva kuti imachotseratu

Mbewe wa ku Joni: Survival ndiye Fallout 4 yeniyeni kwa ine. Palibe fast travel, umamva njala, ludzu, tulo, umadwala, zipolopolo zimalemera, ndipo umaseva pokhapokha ukagona pa bedi kapena matiresi. Mnzako akagwa sadzuka yekha mpaka umubaye stimpak. Pamenepo midzi ya Preston ija imayamba kukhala ndi tanthauzo chifukwa mudzi uliwonse ndi bedi ndi madzi abwino panjira. Hangman's Alley, kakhwalala kaja kali pafupi ndi Diamond City, kamasanduka likulu lako poti kali pakati pa mapu. Ukalowa gulu la asilikali la Brotherhood amakupatsa ma grenade a utsi oitanira ndege ya vertibird, ndiye ndi basi yako imeneyo

Kondwa: Inu a Mbewe mukuiwala kuti mnzathuyu ali kumudzi kuno. Survival ndi magetsi athuwa sizigwirizana. Wayenda ola lathunthu osapeza bedi, watola zinthu, wapha deathclaw, magetsi phethi, zonse zapita. Komanso pakati pa Boston gemu imadzitsekera yokha nthawi zina pa PS4 nyumba zikachuluka. Chisomo sewera pa Hard, fast travel ungodziletsa wekha, uzigwiritsa pokhapokha ukamabwerera kukatula katundu

Mbewe wa ku Joni: Nafe kuno load shedding tinaiona amwene, koma apo mwanena zoona, ulendo woyamba asayambe ndi Survival

Tadala: Chinanso pa Far Harbor ndikuchenjezeni achimwene, pali gawo lina lomwe mudzalowe mu kompyuta kukatenga zikumbukiro za DiMA, mwini wa Acadia uja. Mfuti kulibe, ndi kusanja mabokosi kuti kuwala kudutse ndi kumanga milatho ya tizilombo tonyamula deta. Anthu ambiri amaida ndipo ndikuwamvetsa, yachisanu ndi yaitali zedi. Koma zitatu zoyamba ndi zimene zikufunika pa nkhani, ndipo zomwe mudzamve mmenemo ndi zomwe zimatembenuza chilichonse, mudzayamba kumuona mwina munthu amene munamukhulupirira. Yachisanuyo imangokuonetsani komwe kuli Marine armor, mukatopa isiyeni. Pirirani chabe, musathawire pa YouTube chifukwa mitu ya mavidiyo imaulula zonse

Madala Nkhoma: Ndipo DiMA akadzakufunsa funso lokhudza iwe mwini, usathamangire kudina. Ine ndinaika kontrola pansi. Gemu yonse umakhala ukuweruza kuti synth ndi munthu kapena makina, a Brotherhood akuti aphedwe, a Railroad akuti apulumutsidwe, a Institute akuti ndi katundu wawo, iwe uli pamwamba ngati woweruza. Iye amangokufunsa chinthu chimodzi chaching'ono chokhudza zomwe umakumbuka. Sindinenanso zambiri

Yamie: Old Longfellow bwanji palibe akumutchula? Mdala wa kachasu uja wa mu bala ya Last Plank. Ndi amene amakuperekeza ku Acadia ulendo woyamba

Tadala: Amakuperekeza inde ndipo Nick amatsatira limodzi, palibe vuto. Longfellow mudzamutenge nkhani yaikulu ikatha, pomasaka nyama ndi kuyeretsa malo a midzi. Ali ndi chifukwa chake chodera a Children of Atom, mukazolowerana amafotokoza. Kanyumba kake kamakhalanso mudzi wako woyamba pa chilumbapo

Kondwa: Chabwino ndagonja pa Far Harbor koma ndikubwerezabe, Automatron ndi maola ochepa ndipo phindu lake ndi la gemu yonse. Ada umamusintha mmene ukufunira, miyendo ya sentry bot, manja a assaultron, amanyamula katundu ngati ngolo ndipo naye sakuweruza. Ukakhala ndi Local Leader pa Charisma 6 umapanga maloboti n'kuwaika pa supply line m'malo mwa anthu ndi ma brahmin, misewu yako imakhala ikulonderedwa ndi zimakina. Ndipo ngati unachita kale mishoni ya Silver Shroud kwa Kent Connolly ku Goodneighbor, vala chovalacho pokakumana ndi Mechanist, zolankhula zimasintha

Mbewe wa ku Joni: Choipa chake ukangoyamba Automatron ma Rust Devil ndi maloboti amayamba kupezeka paliponse panjira, assaultron akakutsegulira kuwala kwa kumaso kuja pa levo 22 ndi imfa

Chisomo: Ndiye ndapanga chonchi, nditenga Piper kaye ndiyende wapansi kuchoka Diamond City kutsata gombe mpaka Salem kuti XP ikwere, ndibwerere ndidzatenge Nick tikaone a Nakano. Galu ndimusiya pa Red Rocket. Kodi akasowa ndimamupeza bwanji, ndamva kuti amatayika

Yamie: mumangire kanyumba ka galu kamodzi kokha pamalo pomwe wamutumiza, amakagona mmenemo. Pa Sanctuary pali timanyumba takale kuseri kwa nyumba zingapo, n'chifukwa chake anthu amamusaka osamupeza. Poti uli ndi Vault-Tec Workshop palinso terminal yomwe imakuikira chizindikiro pomwe pali mnzako aliyense

Madala Nkhoma: Ukafika ku Salem ulowe mu Museum of Witchcraft kudzera ku chitseko cha pansi cha m'mbali, useve kaye panja. Ndipo usanakwere boti udutse ku Vault 81, ili chakumadzulo kwa Diamond City, amafuna ma fusion core atatu pakhomo ngati Charisma yako ndi yochepa. Kumeneko kuli Curie, mnzako wina woyenda naye. Chenjera ndi ma mole rat a mkati, akakuluma umatenga matenda ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha pamene kamwana Austin kakuwafunanso

Tadala: Ndipo ku chilumbako mukadzaona loboti ya Miss Nanny dzina lake Pearl ikufunafuna wapolisi wofufuza pafupi ndi tauni, muitsatire. Ikutengerani ku Cliff's Edge Hotel, pansi pake pali Vault 118, anthu olemera omwe anaika ubongo wawo mu maloboti ndipo mmodzi waphedwa. Apo Nick amakhala ali pa ntchito yake yeniyeni

Kondwa: Chisomo ma mod usaike kaye mpaka umalize ulendo woyamba, amazimitsa ma trophy, komanso pa PS4 ndi ochepa poti Sony salola mafayilo akunja. Amene muli pa PC muziona deti ya mod musanadaunilode, apudeti ija ya April 2024 inaphwanya ambiri odalira pulogalamu ya F4SE